Livingstone, Mzinda wa pa Dooko la Zambezi

 Usiku uno tikamba za Livingstone, mzinda wa ku malire a kumwera kwa dziko lathu la Zambia, kumene njanje ioloka mtsinje wa Zambezi. Palibe mwana wa sukulu amene sanamve za mathithi a kumeneko, ndipo ena a inu munakafikako ndithu, nimunyowa ndi nthunzi yace. Koma ine ndifuna kuti tiuyang'ane mzindawu ndi maso a munthu wa pa nchito, pakuti mbiri yace siilekana ndi mbiri ya migodi. Kwa zaka zambiri malasha osungunulira mkuwa analowera pamenepo, mkuwa womwewo unaturukira pomwepo, ndipo ambiri a makolo athu anaolokera pamenepo popita kukafuna ndalama za msonkho.

Tiyambe ndi funso limene mlendo afunsa akatsika sitima m'mwezi wa Okutobala, thukuta liri kamukamu: kodi anthu anaona ciani kuti amange mzinda pa mcenga wotentha cotere, kutali ndi pakati pa dziko? Yankho lace liri pa mtsinje. Kumtunda kwa mathithi Zambezi ndi wotambasuka, ali ndi zisumbu zambiri, ndipo pali malo pamene bwato lioloka bwino. Kumunsi kwace madzi onse aja alowa m'maphompho akuya a miyala yakuda, nathamanga mokhotakhota ulendo wa makilomita ambiri, kumene ngakhale katswiri wopalasa sangayese. Cotero munthu wocokera kumwera wofuna kunka kumpoto anayenera kuolokera kumtunda, pafupi ndi mathithi. Malo oolokera otere makolo athu anali kuwacha dooko, ndipo Livingstone ndi mzinda wa pa dooko. Anthu akamaoloka mzinda udya. Dooko likatsekedwa, kapena anthu akapeza poolokera pena, mzinda ugona ndi njala. Musunge mau amenewa, pakuti tidzakomana nao kangapo m'nkhani ino.

ENI DOOKO

Eni ace a dziko lozungulira mathithi ndiwo Aleya ndi Atoka, abale a Atonga, ndipo mafumu ao akulu ndi Mukuni, Sekute ndi Musokotwane. Dzina lao la mathithiwo ndi Shungu Namutitima. Dzina lina lija la Mosi-oa-Tunya, ndiye kuti utsi wogunda, linadza ndi Amakololo a mfumu Sebitwane, amene anacokera kutali kumwera nagonjetsa dziko la Alozi Azungu asanafike. M'masiku a nkhondo amenewo, Amakololo ali kumpoto ndi Amandebele a Mzilikazi ali kumwera, mphamvu ya anthu a pa mtsinje inali m'mabwato ao. Iwo ndiwo anadziwa pamene pali mwala wobisika ndi pamene pakhala mvuu. Akafuna anamuolotsa munthu, akakana munthuyo anabwerera, ndipo nkhondo ikafika anathawira pa zisumbu, kumene mdani wopanda bwato anangowayang'ana ali tsidya.

Kwa anthu amenewa mathithi anali malo a mizimu ya makolo. Ku mudzi wa Mukuni, umene uli kum'mawa kwa mathithi, ufumu uli pawiri kufikira lero lino. Pali mfumu Mukuni, ndipo pali mai wa ufumu wochedwa Bedyango, amene ayang'anira za nthaka, za mvula ndi za maliro a mafumu. Popanda iye mfumu yatsopano siilowa ufumu. Inu Acewa mukakumbukira za Makewana wa ku Msinja mudzaona kuti nkhani yotere siiri yacilendo kwa ife. Pa mwambo wa Lwiindi anthu a Mukuni apita ku malo opatulika a pa mtsinje kukathira nsembe ndi kupempha mvula. Akulu anenanso kuti kale mliri ukagwa pamudzi, anthu anali kukasamba pa dziwe lina la pamwamba pa mathithi, nataya zobvala zao m'madzi kuti nthenda ipite nazo ku phompho.

ULENDO WA DOTOLO LIVINGSTONE

Mu Novembala 1855 Dotolo David Livingstone anatsika mtsinje ndi mabwato, woperekezedwa ndi anthu a mfumu Sekeletu, mwana wa Sebitwane. Anaima pa cisumbu ca Kalai, pamene anaona manda a mfumu Sekute ozingidwa ndi minyanga ya njobvu 70. Kucokera pamenepo opalasa odziwa madziwo anamtengera pa kacisumbu kamene kali pa mlomo peni peni pa mathithi, ndipo iye anasuzumira pansi, naona mtsinje wotambasuka mamita 1,700 ulikugwera m'phompho lakuya mamita oposa 100. Anawacha mathithiwo dzina la Mfumukazi Victoria ya ku England. Mabuku akale a sukulu anali kuphunzitsa kuti iye ndiye anawapeza; koma iye mwini analemba kuti anamva mbiri yao kwa Amakololo zaka zingapo asanafikeko, ndiponso kuti mafumu a pamenepo anali ndi malo ao opembedzerapo pafupi ndi madziwo. Cimene anacita iye ndico kukauza dziko la Azungu.

Pa ulendo umenewu pali kanthu kamene kakhudza ife olankhula Cinyanja. Sekeletu anampatsa Dotoloyo amuna oposa 100 omperekeza kunka kum'mawa, ndipo anafika nao ku Tete mu 1856. M'zaka zotsatira ena mwa anthu a Sekeletu amene anayenda naye anakhazikika ku cigwa ca Shire, nasanduka mafumu pakati pa Amang'anja. Maina a Kasisi, Katunga ndi Maseya, amene amveka ku Chikwawa m'dziko la Malawi, anayambira pa anthu amenewo. Tsono cibale ca dooko la Zambezi ndi anthu a kum'mawa cinayamba mzindawu usanamangidwe n'komwe.

MUDZI WA MALUNGO

Mu 1890 Lewanika, mfumu ya Alozi, anacita pangano ndi kampani ya Cecil Rhodes, ya British South Africa Company, ndipo posacedwa ngolo za ng'ombe zinayamba kufika kucokera ku Bulawayo. Zinali kuima pa dooko la Sekute, makilomita ngati 10 kumtunda kwa mathithi, pamene mtsinje ucepako. Mu 1898 Mzungu wina dzina lace F. J. Clarke, amene anzace anamucha Mopane, anamanga sitolo pamenepo nayamba nchito yoolotsa katundu. Ena anamtsata, ndipo panabadwa kamudzi ka nyumba za mitengo, dothi ndi malata, kamene Azungu anakacha Old Drift. Katundu yense wa Boma, wa amishoni ndi wa amalonda wonka kumpoto anali kutsitsidwa pa gombe, kuikidwa m'mabwato, ndi kusenzedwa pamutu tsidya lino.

Koma kamudzi kameneka kanali pa malo otsika, a matope, pamene udzudzu uswana nyengo ya dzinja. Malungo anapha anthu ambiri, makamaka malungo aja oopsa amene munthu akodza nao mkodzo wakuda. Lero pa Old Drift palibe nyumba ngakhale imodzi. Patsala manda okha, m'kati mwa nkhalango ya nyama ya Mosi-oa-Tunya, kumene njobvu ndi njati zidya msipu pafupi ndi miyala ya akufa. Mandawo ndi a Azungu. Maina a opalasa ndi amtengatenga amene anadwala nthenda yomweyo pa dooko lomwelo simudzawapeza pamenepo.

ULALO WA CITSULO

Cecil Rhodes anali ndi maganizo a njanje yocokera ku Cape Town kufika ku Cairo, ndipo anafuna kuti ioloke Zambezi pafupi ndi mathithi, kuti nthunzi ya madzi izigwera pa ngolo za sitima. Iye anamwalira mu 1902 osawaona mathithiwo ndi maso. Koma cimene cinakokera njanje kuno kweni kweni ndi cuma ca pansi pa nthaka: malasha a ku Wankie, kumene lero ati Hwange, ndi mtobvu wa ku Broken Hill, ndiye Kabwe. Njanje inafika tsidya la kumwera mu 1904.

Zitsulo za ulalo zinasulidwa ku Darlington, ku England, ndi kampani ya Cleveland Bridge. Zinadza pa nyanja kufika ku Beira, ndi pa njanje kufika pa phompho. Amisiri anaponya kacingwe tsidya lina ndi roketi, kacingweko kanakoka waya, wayayo nakoka cingwe cacikulu ca citsulo, ndipo pa cingwe cimeneco anaolotsa zitsulo zonse zofunika tsidya lino, ngakhale injini ya sitima yomasulidwa zidutswa zidutswa. Anamanga kucokera ku mbali zonse ziwiri, ndipo mbalizo zinakomana pamwamba pa madzi m'mamawa wa pa 1 Epulo 1905, dzuwa lisanatenthe ndi kufutukula citsulo. Pa 12 Sepitembala caka comweco Profesa George Darwin anautsegula ulalowo. Utali wace ndi mamita 198, ndipo uli mamita 128 pamwamba pa mtsinje. Dzina la George Hobson, amene anaujambula, lisungidwa m'mabuku. Mazana a Aafirika amene anasenza zitsulo ndi kukumba maziko m'mphepete mwa phompho angowerengedwa ngati gulu. Inu amene mutsika pansi pa mgodi tsiku ndi tsiku mudziwa bwino kulemera kwa nchito imene mwini wace sachulidwa.

Ulalo utatha, dooko lakale linafa. Eni mabwato anasowa woolotsa, ndipo mphamvu imene anali nayo kuyambira kale inapita kwa eni njanje. Kampani inapima malo a tauni yatsopano pa mtunda wa mcenga, makilomita ngati 10 kumpoto kwa mathithi, kutali ndi udzudzu wa pa gombe, ndipo mu 1905 amalonda a pa Old Drift anasamukira kumeneko, ena a iwo monyinyirika. Umenewo ndiwo mzinda wa Livingstone. Njanje inapitirira, nifika ku Broken Hill mu 1906, ndi ku malire a Congo mu 1909.

LIKULU LA DZIKO

Mu 1907 Kampani inasamutsa likulu la North-Western Rhodesia kucokera ku Kalomo kudza ku Livingstone. Mu 1911 zigawo ziwiri, ca kumadzulo ndi ca kum'mawa, zinaphatikizidwa kukhala dziko limodzi la Northern Rhodesia. Fort Jameson, ndiye Chipata, analeka kukhala likulu, ndipo Livingstone analamulira dziko lonse. Mu 1924 Boma la Angerezi linalandira dziko m'manja mwa Kampani, ndipo Bwanamkubwa woyamba, Sir Herbert Stanley, anakhala m'mzinda womwewu.

Anali masiku a ulemerero wa tauniyi. Mu 1906 Leopold Moore, wogulitsa mankhwala, anayambitsa nyuzipepala ya Livingstone Mail, m'mene anali kutsutsana ndi Kampani kosalekeza. Mu Ogasiti 1910 akatswiri awiri opalasa, Richard Arnst wa ku New Zealand ndi Ernest Barry wa ku England, anapikisana pa Zambezi kulimbirana ukatswiri wa dziko lonse lapansi, ndipo Arnst anapambana. Chalichi ca St Andrew's cinamangidwa m'zaka zomwezo. Kunadza Amwenye a masitolo. Kunadza Ayuda ocokera ku Lithuania, monga abale awiri Elie ndi Harry Susman, amene analemera ndi malonda a ng'ombe za ku Bulozi. Sunagoge wa Ayuda, womangidwa mu 1928, akali ciimire, ngakhale anasanduka chalichi ca Akristu.

Koma tinene zoona, mizinda inali iwiri. Pa mtunda panali nyumba za makhonde akulu, miseu ya mitengo ya mthunzi, ndi makalabu. Kumunsi, ca ku kamtsinje ka Maramba, kunali komboni ya Aafirika: ophika, ocapa, amtengatenga, anchito a njanje ndi a ku macheka. Mwafirika anayenda ndi citupa m'thumba, ndipo m'masitolo ambiri anagulira pa zenera la kumbali, osaloledwa kulowa pakhomo. Pa siteshoni panadutsa amuna ambirimbiri ocokera ku Bulozi ndi ku maiko a kumpoto, kunka ku malasha a Wankie, ku Bulawayo ndi ku Joni. Ena anabwerako ndi njinga ndi bokosi la zobvala, ena anabwerako ndi cifuwa, ena anasanduka machona.

Kodi Cinyanja cinafika bwanji kumeneko, dziko la Atonga ndi Alozi? Cinadza ndi Boma. Likulu la apolisi linali ku Livingstone, ndipo ambiri a apolisi ndi asilikari anali a kum'mawa, kotero kuti Cinyanja cinasanduka cinenero ca m'kampu. M'maofesi munali akalaliki ocokera ku Nyasaland, ophunzira ku sukulu za mishoni monga Livingstonia. Akalaliki awiri otere, Isaac Nyirenda ndi Edward Tembo, ndiwo anatsogolera poyambitsa bungwe la Livingstone Native Welfare Association mu 1930. Iwo analemba makalata aulemu kwa Boma, kudandaula za kunyozedwa kwa Aafirika m'miseu ndi m'masitolo. Mabungwe otere anabuka m'matauni ena a pa njanje. Mu 1946 anagwirizana kukhala bungwe limodzi, ndipo mu 1948 bungwelo linasanduka Congress, imene Harry Nkumbula anaitsogolera kuyambira 1951. Njira ya ku ufulu wa 1964 inapyola m'timisonkhano tija ta akalaliki a ku Livingstone.

LIKULU LISAMUKA

Cimene cinacotsa ulemerero wa Livingstone ndi mkuwa wanu womwewo. Mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya unayamba kuturutsa mkuwa mu 1931, Nkana mu 1932, Mufulira mu 1933, ndipo Boma linaona kuti silingalamulire dziko liri ku ngodya, kutali ndi kumene kuli cuma ndi anthu. Linasankha Lusaka, malo a pakati ndi ozizirirako, ndipo mu 1935 Bwanamkubwa ndi maofesi ace anasamuka. M'caka comweco, mwezi wa Meyi, anchito a ku Mufulira, Nkana ndi Roan Antelope anacita sitalaka yao yoyamba cifukwa ca msonkho, ndipo 6 anaomberedwa nafa ku Luanshya. Mtima wa dziko unali utapita kumpoto.

Mzindawo sunafe, cifukwa ulalo unali pomwepo. Sitima za malasha zinakwera usana ndi usiku, za mkuwa zinatsika kunka ku Beira, ndipo zonse zinaima pa Livingstone kuonetsa mapepala. Kampani ya Zambezi Sawmills inaceka mitengo ya mukusi m'nkhalango za ku Mulobezi, niibweretsa pa njanje yaceyace. Matabwa ace olimba anayalidwa pansi pa njanje za maiko onse a kuno. Mu 1938 makina a magetsi anayamba kuzungulira ndi madzi a pa mathithi. Mu 1950 bwalo la ndege linatsegulidwa, limene lero lichedwa dzina la Harry Mwaanga Nkumbula, ndipo mu Meyi 1952 ndege ya Comet, yoyamba ya jeti kunyamula anthu olipira pa dziko lonse, inatera pamenepo pa ulendo wace wocokera ku London kunka ku Johannesburg.

Panatsalanso nyumba ya zinthu zakale, yoyambitsidwa mu 1934, imene inalowa m'nyumba yace ya tsopano mu 1951, ndipo lero ichedwa Livingstone Museum. M'menemo muli makalata ndi katundu wa Dotolo Livingstone, ndi zida za miyala zimene Desmond Clark, woyang'anira nyumbayo, anatola m'mbali mwa Zambezi, zoonetsa kuti anthu anakhala pamenepa zaka zikwi mazana ambiri zapitazo. Inu a ku migodi mukaoneko cifanizo ca cibade ca munthu wakale cimene cinafukulidwa mu mgodi wa Broken Hill mu 1921. Cibade ceni ceni ciri ku London, ndipo Zambia yapempha kawiri kawiri kuti cibwezedwe. Dzina la Mzungu amene anali pa nchito tsiku limenelo, Tom Zwigelaar, linalembedwa. La Mwafirika amene anali kukumba naye silinalembedwe.

ULALO UTSEKEDWA

Misonkhano imene inamanga Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland inayambira pa mathithi omwewa, ku hotela ya tsidya lija, mu 1949, popanda Mwafirika ndi mmodzi yemwe. Ndipo msonkhano umene unacimasula unacitikira komweko mu 1963. Pa 24 Okutobala 1964 Zambia inalandira ufulu. Koma pa 11 Novembala 1965 Ian Smith analanda ulamuliro wa Rhodesia mopanda lamulo, ndipo ulalo uja umene unali khomo la dziko unasanduka khosi limene mdani anagwirapo dzanja. Malasha, mafuta ndi mkuwa, zonse zinadalira njanje yopyola m'dziko lace. Ndico cifukwa cace Zambia inatsegula mgodi wa malasha ku Maamba, niika mpope wa mafuta wocokera ku Dar es Salaam mu 1968, nimanga njanje ya TAZARA pamodzi ndi Tanzania ndi China.

Mu Januwale 1973 Smith anatseka malire. Patapita masabata owerengeka anafuna kuwatsegulanso, koma Purezidenti Kenneth Kaunda anakana, ndipo anakhala otseka kufikira Okutobala 1978, pamene kusowa kwa feteleza kunakakamiza Boma kulola sitima za kumwera. M'kati mwa zaka zimenezo, pa 25 Ogasiti 1975, ngolo ya sitima inaimikidwa pakati peni peni pa ulalo, kuti Smith akhale m'dziko lace ndipo Abel Muzorewa, Joshua Nkomo ndi Ndabaningi Sithole akhale mbali ya Zambia, ali pa tebulo limodzi. Kaunda ndi John Vorster wa ku South Africa analipo. Zokambiranazo zinalephera msanga, ndipo nkhondo inapitirira kufikira Zimbabwe italandira ufulu mu 1980.

Anthu a ku Livingstone ndiwo anasenza katundu wa zaka zimenezo. Alendo analeka kudza, malonda a pa malire anaima, ndipo mfuti zinamveka pa mtsinje. Boma linayesa kuthandiza ndi mafakitale, monga ija yolumikiza galimoto za Fiat m'zaka za m'ma 1970, ndi ena a nsalu ndi mabulangete. Koma mtengo wa mkuwa utagwa, ndi malonda a kunja atatsegulidwa m'zaka za m'ma 1990, ambiri a mafakitalewo anatsekedwa, ndipo amuna a ku Maramba, Libuyu, Linda ndi Dambwa anakhala pakhomo opanda nchito, monga momwe anakhalira anzao a ku Luanshya mgodi utaima.

MADZI SAIWALA KHWAWA

Cimene cinautsanso mzindawu ndi mtsinje womwe uja. Mu 1989 bungwe la UNESCO linalemba mathithiwo pa mndandanda wa malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi. Kuyambira caka ca 2000, mabvuto atakula ku Zimbabwe, alendo ambiri anayamba kugona tsidya lino, ndipo mahotela anamangidwa m'mbali mwa Zambezi. Mu Ogasiti 2013 Livingstone ndi tauni ya Victoria Falls analandira pamodzi msonkhano waukulu wa maiko onse wa za alendo. Adzukulu a opalasa aja abwerera pa madzi: atsogolera mabwato a mphira m'mafunde a m'maphompho, aperekeza alendo pa kacisumbu kaja ka pa mlomo wa mathithi, ndipo amisiri a kwa Mukuni asema ziboliboli zogulitsa.

Koma cuma ca pa dooko sicikhalitsa pamodzi. Boma la Purezidenti Michael Sata linasamutsa likulu la cigawo ca Kumwera kunka ku Choma, ndipo mzinda umene unataya ukulu wa dziko mu 1935 unatayanso ukulu wa cigawo. Mu 2020 mliri wa Covid-19 unaimitsa ndege, ndipo operekera zakudya, oyendetsa matakisi ndi osema anakhala miyezi yambiri osaona mlendo. Mu Meyi 2021 ulalo watsopano unatsegulidwa ku Kazungula, kumtunda kwa mtsinje, woolokera ku Botswana, ndipo ulalo wakale wa 1905 suli wokha tsopano. Munthu wa ku migodi sadzadabwa nazo izi. Tauni imene idya pa mbale imodzi, kaya mbaleyo ndi mkuwa kaya ndi alendo, igona ndi mantha. Ndipo funso limene ana a ku Livingstone afunsa, lakuti tidzadya ciani mbaleyo ikasweka, ndi lomwelo limene afunsa ana a ku Mufulira.

Ufulu utafika maina ambiri a Azungu anafafanizidwa. Fort Jameson anakhala Chipata, Broken Hill anakhala Kabwe, Abercorn anakhala Mbala, Bancroft anakhala Chililabombwe. Livingstone anasunga dzina lace, pakuti anthu anakumbukira kuti Dotoloyo anadana ndi malonda a akapolo, ndiponso kuti mtima wace unakwiriridwa m'nthaka ya dziko lino, kwa Chitambo, mu 1873. Koma mseu waukulu wa m'tauni, umene utsikira ku mathithi, lero uchedwa Mosi-oa-Tunya, ndipo ndi bwino kuti maina onse awiri amveke.

Tsono inu amene mudzapeza masiku a chuti ndi kandalama kapadera, tengani ana anu mupite nao. Muyambe ku nyumba ya zinthu zakale, mupite ku nyumba yosungiramo sitima zakale za ku macheka, mugule nsomba pa msika wa Maramba. Mukafika kwa Mukuni mulonjere mwaulemu monga alendo a eni dziko. Potsiriza mukaime pa ulalo, ndipo muwauze anawo kuti zitsulo zimene apondapo zinasenzedwa ndi anthu onga atate ao, ndi kuti agogo ao ena anaolokera pomwepo ndi kamtolo pamutu, kunka ku Wankie. Ngati m'banja mwanu muli nkhalamba imene ikumbukira dzina la mmodzi wa iwo, mulilembe lisanataike.